Mmene mungalembere nkhani ya banja loferedwa pa nkhondo ya Chiwaya

Mlembi amene akufuna kupeka nkhani ya m'nthawi ya nkhondo yoyamba ya padziko lonse safunika kuyang'ana ku Ulaya. Nkhondoyo, imene kuno imadziwikanso kuti nkhondo ya Chiwaya, inafika kuno kwathu. Pa 9 September 1914 Ajeremani anaukira Karonga, ndipo m'zaka zotsatira amuna pafupifupi 200,000 a mu Nyasaland anatengedwa kukagwira ntchito ya mtengatenga, kusenza chakudya ndi zipolopolo za asilikali a King's African Rifles (KAR) mpaka ku German East Africa ndi ku Mozambique. Ambiri anatsala m'njira chifukwa cha kamwazi, chibayo ndi njala. Nkhani za mabanja awo sizinalembedwe mokwanira, ndipo zikudikira inu.

Choyamba, sankhani khomo limodzi, mukhazikike pamenepo. Tiyerekeze mayi wa m'mudzi wa Achewa amene mwamuna wake anali pachikamwini, ndiye wagwidwa usiku ndi amesenjala a boma. Owerenga aone zokhazo zimene mayiyo akuona. Mfuti zilire kutali.

Mukatero fufuzani. Pitani ku National Archives ku Zomba, mukaonenso chipilala chokumbukira asilikali a KAR mumzinda womwewo. Werengani buku la Melvin Page lotchedwa The Chiwaya War, lomwe linachokera pa kucheza ndi okalamba amene anaiona nkhondoyo. Koma musalekere pa mapepala. Funsani agogo kwanu zimene agogo awo ankasimba, chifukwa makalata a boma anawerenga mitu ya anthu, osati misozi.

Chachitatu ndiye phata la ntchito yonse, ndipo apa musafulumire. Kwathu maliro ali ndi njira yake: kukhuza, kugona pa siwa, kuika m'manda, kumeta, kenako kusudzula wamasiye. Nkhondo inadula njira imeneyi. Mtengatenga akafa ankasiyidwa kutchire, ndipo uthenga unkabwera ndi mnzake wobwerera, patapita miyezi, nthawi zina wosatsimikizika. Chisoni cha m'nkhani yanu chikhale pamenepa. Mayi uja alire kapena adikire? Amete? Akuchimuna akabwera kudzakamba zomusudzula, iye avomere bwanji pamene manda sanawaone? Musalembe kuti "anali ndi chisoni chachikulu". Muonetseni atakhala pansi kutsogolo kwa mwini mbumba, maso ali pansi, akufunsa kuti, "Malume, ndimete kodi, kapena tiyembekeze mvula idutse?" Malumewo asayankhe msanga. Za mwambo womwe unkachitika mtembo ukasowa, kafunseni akuluakulu a dera limene mwasankha, poti Achewa, Ayao, Angoni ndi Ankhonde sachita mofanana, ndipo owerenga a kumeneko adzakugwirani mukasakaniza.

Chachinayi, nkhondo ilowe m'nyumba kudzera m'zinthu za tsiku ndi tsiku. Munda watsala theka osalimidwa. Denga likudontha poti wofolera palibe. Nkhokwe yapepuka chifukwa boma likufuna chimanga cha asilikali, ndipo khasu la bambo likugwidwa ndi mwana wa zaka khumi. Mwana wamng'ono wayamba kuiwala nkhope ya atate ake. Kumbukiraninso kuti mavuto sanathe nkhondo itatha: mtsogoleri wa asilikali a Ajeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, anagonja ku Abercorn, komwe lero ndi Mbala ku Zambia, pa 25 November 1918, koma nthawi yomweyo chimfine choopsa chinali chikusesa midzi. Banja lanu lingathe kulandira bambo wamoyo n'kuika mwana sabata yomweyo.

Ngati khomolo lili cha ku Chiradzulu, dzina la John Chilembwe lidzamveka ndithu, pakuti iye analemba kalata yodandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo yosawakhudza, asanaukire mu January 1915. Koma limveke m'manong'onong'o a pachitsime. Musamuike m'kamwa mawu amene sananene.

Pomaliza, sesani zolakwika za nthawi. Kunalibe Malawi, kunalibe kwacha, Mangochi inali Fort Johnston, ndipo mkazi sankatchula mwamuna wake ndi dzina pagulu. Mukamaliza, kawerengereni nkhaniyo munthu wachikulire mokweza, ndipo pamene wagwedeza mutu kukana, bwererani mukakonze musanaipereke kwa osindikiza.