Mimba yotupa si khansa nthawi zonse

Mayi wina wa ku Chamama ku Kasungu walemba kuti amuna awo, mlimi wa fodya, aonda, mimba yatupa, usiku amatuluka thukuta. Achibale agamula kale kuti ndi khansa.

Mayi a ku Chamama, musataye mtima. TB sigwira mapapo okha ayi. Imatha kukhazikika m'matumbo n'kudzaza madzi m'mimba, moti ngakhale dokotala angaiyese khansa asanapime. Ikakhala TB, imachizika ndi mankhwala a miyezi 6, aulere m'zipatala za boma. Chonde musadikire ndalama za ku okushoni. Pitani nawo ku chipatala cha Kasungu akawaunike ndi kupima madziwo. Kukafunika adzawatumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe.

Nanunso omvera, thupi likamatha chonchi kayezetseninso HIV, poti matenda awiriwa amakonda kuyendera limodzi.