Kansomba ka Diso Kumchira

Kum'mawa kwa dziko la Papua New Guinea, m'timitsinje ndi m'maiwe a m'nkhalango za mvula yambiri, mumakhala kansomba kamene akatswiri amakatcha Tateurndina ocellicauda. Dzinali adapereka ndi John Nichols wa ku America m'chaka cha 1955, ndipo mau achiwiriwo m'Chilatini atanthauza "kadiso ka kumchira".

Kansombaka sikapitirira masentimita 7 ndi theka, ndiko kuti mainchesi 3. Thupi lake nlobiriwira monga thambo, lili ndi timadontho tofiira tondandalikana m'mizere yotsika kuchokera pamsana. Patsinde pa mchira pali banga lakuda lozungulira: ndilo diso lija.

Wofuna kukazindikira bwino ayambe wapenya zipsepse. Pamsana pali zipsepse ziwiri, ndipo ziwiri za kunsi kwa chifuwa nzolekana. Apa mpamene kasiyana ndi abale ake a mtundu wa Glossogobius, opezeka ngakhale m'chigwa cha Shire, pakuti mwa iwo zipsepse za kunsizo zidalumikizana nkukhala ngati kambale komatirira pa mwala.

Kusiyanitsa kamuna ndi kakazi sikuvuta tikakula. Kamuna nkakulupo ndipo kali ndi chipumi chotukuka. Kakazi kali ndi mimba yachikasu, makamaka mazira akakhwima, ndiponso mzere wakuda m'mphepete mwa chipsepse cha pafupi ndi mchira chakunsi. Oweta nsomba m'mabokosi agalasi akaphonya zizindikirozi, amasunga amuna okhaokha, nadikira ana pachabe.

Chakudya chake ndi tizilombo tating'ono ta m'madzi ndi mphutsi zake.

Kaberekedwe kake nkosiyana ndi ka chambo. Chambo chachikazi chimafungatira mazira m'kamwa. Koma kuno mlezi ndi bambo. Kamuna kamasankha kamphako pakati pa miyala, nkukopera kakazi momwemo. Kakazi kakamata mazira pakhoma la mphakoyo kamachoka, ndipo kamuna kamatsala kakulondera. Kamakupiza mazirawo ndi zipsepse kuti madzi atsopano, odzala mpweya, azipitapo kosalekeza. Popanda kutero mazira akhoza kuola. Patapita pafupi sabata imodzi ana amaswa, ndipo ulonda wa bamboyo umathera pomwepo.

Kunja kwa dera limenelo kansombaka sikapezeka mwachibadwa. Choncho timitsinjeto titaonongeka, kangatsale m'mabokosi agalasi mokha.

Mafunso
1. Kodi dzina la kansombaka lidachokera pa chiyani?
2. Chulani zizindikiro ziwiri za kakazi.
3. Nchifukwa ninji kamuna kamakupiza mazira?