Kuthamangitsa kompyuta mopitirira muyezo

Talandira kalata yochokera ku Bangwe. Achimwene athuwa akuti anagula kompyuta ya patebulo ku Limbe yokonzera mavidiyo a maukwati, ndipo mnzawo anawaonetsa mmene angaithamangitsire kuposa liwiro lomwe inabwera nalo. Tsopano ikumazima ntchito ili mkati, ndiye akufunsa ngati awonjezere magetsi opita ku purosesa ndi memory.

Achimwene a ku Bangwe, musathamange. Purosesa ikamathamanga kwambiri imafunadi magetsi ochulukirapo, koma magetsiwo amabweretsa kutentha, ndipo kutenthako ndiye kumawononga zipangizo. Ndi dzuwa la Okutobala mu Blantyre muno, fumbi litadzaza mu fani, mwina vuto lili pomwepo. Yambani mwachotsa fumbilo. Kenako bwezerani zonse mu BIOS mmene zinalili, muone ngati ikuzimabe. Mukafunabe kukweza, kwezani pang'onopang'ono, chinthu chimodzi pa nthawi, n'kuyesa kwa maola angapo. Memory ya DDR4 imayendera mavoti 1.2, ndipo ambiri amalekezera pa 1.35. Purosesa ikamafika madigiri 90, tsitsani msanga.

Inu nonse omvera a malaputopu, izi zisiyeni, mkati mwake mpweya suyenda bwino. Ndipo ngati magetsi amathimathima kwanuko, yambani mwagula UPS.