Phunziro la ku Karura: Mbande Imafuna Mwiniwake

Kumpoto kwa mzinda wa Nairobi, ku Kenya, kuli nkhalango ya Karura, ya mahekitala pafupifupi 1,000, yozunguliridwa ndi nyumba komanso misewu. Boma la atsamunda linaiika m'gulu la nkhalango zotetezedwa mu 1932, koma m'zaka za m'ma 1990 zigawo zake zina zinagawidwa mwakabisira kwa anthu ofuna kumangapo nyumba.

Ambirife nkhaniyi timaidziwa chifukwa cha mayi Wangari Maathai, amene anayambitsa bungwe la Green Belt Movement mu 1977. Mu Januwale 1999, iwo ndi anzawo anapita ku Karura atanyamula mbande, ndipo anyamata olondera malowo anawamenya mpaka mayiwo anavulala m'mutu. Anthu anachita zionetsero, ophunzira a ku yunivesite ali patsogolo, ndipo pamapeto pake zomangazo zinalekeka.

Nthawi zambiri nkhaniyi timaithera pamenepa, chonsecho phunziro lathu likuyambira pomwepo. Nkhalango inapulumuka, koma kwa zaka zinanso khumi anthu ankaopa kulowamo chifukwa munali mobisalamo achifwamba. Lamulo la zankhalango la 2005 litalola anthu okhala pafupi ndi nkhalango kuti aziisamalira mogwirizana ndi boma, anthu odzipereka anakhazikitsa bungwe la Friends of Karura Forest mu 2009. Ntchito yawo sinali yojambulitsa m'nyuzi. Anasonkhetsa ndalama zomangira mpanda wamagetsi, anazula zitsamba za lantana zimene zimatsamwitsa mbande, anatsegula nazale, ndipo pang'onopang'ono anayamba kuchotsa bulugama n'kubwezeretsa mitengo yachilengedwe.

Tione chinthu chimodzi chimene anachita mwanzeru. Pafupi ndi nkhalangoyi pali Huruma, dera la anthu ovutika. M'malo mongowatsekera kunja, bungweli linalemba ena mwa iwo ntchito yolondera ndi yosamalira mitengo, malipiro ake akuchokera ku ndalama zimene alendo amapereka pachipata. Wodzipereka amabwera pamene wapeza mpata. Wokhala pafupi ndiye amaona mtengowo tsiku lililonse, ndipo akapanda kupindula nawo, adzauona ngati nkhuni basi.

Tikabwera kwathu kuno, nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo. Tsiku lodzala timakhamukirako ndithu, makasu m'manja, nyimbo pakamwa. Nanga mu Okutobala, dzuwa likamaswa mtengo, timapezekako angati? Mapiri a Ndirande ndi Soche mu mzinda wa Blantyre awonapo magulu ambiri odzala mitengo, koma mbali zambiri za mapiriwa zidakali mbee.

Mbande yodzalidwa mu Januwale imakumana ndi miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi yopanda mvula, mizu yake isanazame. Imafuna kuthiriridwa madzi okwanira kuti alowe pansi, kamodzi kapena kawiri pa mlungu, chifukwa kuwaza timadzi pamwamba kumachititsa mizu kuyenda m'mwambamwamba momwe mumauma msanga. Imafuna udzu wouma wophimbira patsinde, koma wosagunda tsindelo kuti lisaole kapena kugwidwa ndi chiswe. Imafunanso kampanda ka minga kapena nsungwi koteteza ku mbuzi, ndi kulimirira mozungulira moto wa osaka mbewa usanafike. Malo odzala nawonso ndi nkhani: mbawa kapena mkuyu pansi pa mawaya a magetsi adzaudula ukangokula, ndipo bulugama m'mphepete mwa mtsinje amamwa madzi ochuluka.

Choncho gulu lathu lisanayitanitse mbande, tiyambe tawerenga anthu amene adzanyamule ndowa mu Seputembala, ndi mtunda wochoka pa mpopi kufika pa dzenje. Ngati otsimikiza alipo 10, mbande 50 zikukwana, aliyense zisanu, dzina lake litalembedwa m'kaundula pambali pa mzere wake, ndipo mzere wa amene wapita kutchuthi uzisiyidwa m'manja mwa banja loyandikana ndi malowo.