Malangizo: Ndani apatuke sitima zikakumana panyanja?



Usiku wa pa 25 July 1956, kufupi ndi Nantucket ku America, sitima ya Andrea Doria inakhotera kumanzere ili m'chifunga, pamene ya Stockholm inakhotera kumanja. Zinawombana, anthu 51 n'kufa. Chonsecho zonse ziwiri zinali ndi radar.

Malamulo opewera ngozi zotere amene bungwe la IMO, loona za maulendo a panyanja, linakhazikitsa mu 1972 sapita m'mbali. M'chifunga chepetsani liwiro, ndipo musakhotere kumanzere pothawa sitima imene ikubwera kutsogolo kwanu. Mukamaonana muli maso ndi maso, aliyense akhotere kumanja. Njira zikapingasana, amene akuona mnzake kudzanja lake lamanja ndiye apatuke, adutse kumbuyo kwa mnzakeyo. Usiku nyali zimakuuzani: yofiira imakhala kumanzere kwa sitima, yobiriwira kumanja. Mukaona yofiira ikubwera chakumanja kwanu, wopatuka ndinu.

Koma chimapweteketsa ambiri n'kuzengereza. Khotani msanga, ndipo khotani mooneka, chifukwa kukhota kwa pang'onopang'ono mnzanu sakuzindikira. Ngati simukumvetsa zimene akuchita, lizani hutala kasanu motsatizana.

Ndipo inu amene lamulo lakupatsani njira, musaumirire. Mnzanu akapanda kupatuka, patukani ndinu.