Mpope Wothirira Laimu m'Chitsulo Chosungunuka

Inu amisiri amene mwayamba kumene ntchito pa ng'anjo zikuluzikulu, monga za ku Vanderbijlpark m'dziko la South Africa, tcherani khutu, pakuti chipangizo chimene tikukuonetsani pano chimaoneka chapafupi, koma ntchito yake njakuya.

Chitsulo chimatuluka m'ng'anjo chili ndi sulufule, amene, akalekereredwa, amaching'alula pamene chikusulidwa chili chamoto. Mpopewu ndi paipi yaitali yokutidwa ndi dothi losapsa, imene amaimiza m'kati mwa mphika waukulu wa chitsulo chosungunuka. Ndipo mpweya wa argon kapena nitrogen umakankhiramo ufa wa laimu, wa calcium carbide kapena wa magnesium, kuti ugwire sulufuleyo ndi kukwera naye pamwamba pamene pasonkhana mphala.

Komatu si ufa wonse wotuluka pa mpope umene umalowa m'chitsulo. Chitsulo chosungunuka chimalemera kuposa madzi pafupifupi kasanu ndi kawiri, ndipo khungu lake limakana kubooledwa kuposa khungu la madzi koposa ka 20. Chotero kanjere kopepuka, kopanda liwiro, kamatsalira m'thovu la mpweya ndi kukwera nalo kosagwira ntchito iliyonse, monga ufa wa phala umene, ukathiridwa mosasamala, umayandama m'mibulu youma m'kati.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Akatswiri amene anayang'anitsitsa khungu la zinthu zokhakhala, Wenzel m'chaka cha 1936, ndi Cassie pamodzi ndi Baxter mu 1944, anaonetsa kuti kukhakhala kumakulitsa khalidwe limene chinthu chili nalo kale: chimene chimalola kunyowa chimanyowa koposa chikakhala chokhakhala, koma chimene chimakana, monga muja laimu akanira chitsulo, chimakanitsitsa, popeza mpweya umabisala m'timaenje take ndi kutchinga pakati. Nchifukwa chake sitiyamikira mmisiri amene amangofunsa za kulemera kwa thumba, osafunsa za kaperedwe ka ufawo. Wosalala ndi wokhakhala, ngakhale akhale a muyeso umodzi, salowa mofanana.

Mizani mpope mwakuya, kuti ufa ukhale ndi ulendo wautali pokwera, ndipo mpweya usaleke kuyenda mpope uli m'kati, kuopa kuti chitsulo chingalowe ndi kuutseka. Matumba asungidwe pouma ndithu, makamaka a calcium carbide, amene akakhudza madzi amatulutsa mpweya woyaka wa acetylene.