Phunziro 18: Tchalitchi Chakale cha ku Nkhotakota

Mukadzafika pa boma la Nkhotakota, mudzaona tchalitchi chakale cha mpingo wa Anglican chotchedwa All Saints, ndiko kunena kuti Oyera Mtima Onse. Pafupi pake pali chipatala cha St Anne's ndi mkuyu waukulu umene David Livingstone anapumulapo m'chaka cha 1863.

M'masiku amenewo pa Nkhotakota panali msika waukulu wa akapolo. Mfumu ya pamalopo, Jumbe, inali kuwolotsa anthu pa nyanja m'zombo kuti akagulitsidwe ku Kilwa. Amishoni a UMCA anadzakhazikika pomwepo m'chaka cha 1894.

Nyumba zoyamba zopemphereramo m'mamishoni zinali zamitengo, zomata ndi dothi ndi zofolera udzu. Chiswe ndi mvula sizinali kuchedwa kuziwononga. Motero anthu a kunyanja anaphunzira kusema miyala, kuwotcha njerwa ndi kucheka matabwa. Panalibe galimoto. Zonse anali kusenza pamutu kapena kutenga pabwato.

M'mwezi wa Sepitembala 1895 kunagwa zovuta. Bishopu Chauncy Maples, amene anali atangodzozedwa kumene ku London, anali paulendo wa ku Likoma. Namondwe anauka pa nyanja, ndipo bwato lake linamira kufupi ndi Salima. Mtembo wake anauika ku Nkhotakota, ndipo lero manda ake ali m'kati mwa tchalitchichi.

Luso la zomangamanga linapitabe patsogolo. M'chaka cha 1903 mmisiri Frank George pamodzi ndi anthu a pa Likoma anayamba kumanga tchalitchi chachikulu cha St Peter's, chooneka ngati mtanda, ndipo chinapatulidwa m'chaka cha 1911.

Ana inu, nyumba zakale zimatikumbutsa kumene tachokera. Pamalo pamene anthu analira m'magoli, makolo athu anamanga nyumba yoimbiramo mwaufulu. Itati igwe, mbiri yake ingaiŵalike. Tisalembe pa makoma ake kapena kuswa mazenera ake.

Mafunso

1. Kodi dzina loti All Saints litanthauzanji?
2. N'chifukwa chiyani nyumba zoyamba zopemphereramo sizinali kukhalitsa?
3. Fotokozani m'mene Bishopu Maples anamwalirira.
4. Funsani akuluakulu za nyumba yakale ya kwanu. Anaimanga ndani, ndipo anaimanga ndi chiyani?